Mukapita ku iSimangaliso, chenjerani ndi mvuu usiku

Anzanga amene muli ku Durban kapena Johannesburg, mukapeza tchuthi kayendereni dambo la iSimangaliso ku KwaZulu-Natal. UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1999. Kuchokera ku Durban mumatsata msewu wa N2 mpaka ku Mtubatuba, kenako n'kukhotera ku tauni ya St Lucia.

Chinthu choyamba: ku St Lucia mvuu zimatuluka m'madzi kukada, n'kumadya udzu m'misewu ya m'tauni momwemo. Si nthabwala ayi. Musayende pansi usiku, ngakhale malo odyera ali pafupi, kwerani galimoto. Mukakumana nayo, musaime pakati pa iyo ndi madzi, chifukwa ikadzidzimuka imathamangira komweko ndipo simungaipose liwiro. Amene munakulira m'mbali mwa Shire mukudziwa kale zimenezi. M'nyanja ya St Lucia musasambemo, muli ng'ona zambiri. Kwerani boti, makamaka lamadzulo, muzione muli patali.

Kosambira ndi ku Cape Vidal, gombe la nyanja yamchere m'kati mwa iSimangaliso momwemo, madzi akaphwera. Lawirani m'mamawa, chifukwa panjira mungaone njati, mbidzi ndi zipembere, ndiye simungathamangitse galimoto. Chakudya chitsekereni m'galimoto. Apusi akumeneko ndi akuba osachita manyazi, amalanda buledi m'manja.

Kuyambira Novembala mpaka Malichi akamba a m'nyanja amabwera kumchenga kudzaikira mazira, koma mumawaona usiku ndi wokutsogolerani wovomerezeka basi. Mankhwala othamangitsa udzudzu musawaiwale.