Kasemedwe ka Bwato la Munthu Mmodzi Losatembenuka Msanga

Musanagwetse mtengo, kaya ndi mbawa, nsangu kapena mango, yambani mwaganizira madzi amene bwatolo lidzayendemo. Bwato loyenera Nyanja ya Chilwa, yomwe ndi yosaya, silingafanane ndi la ku Nkhotakota kapena ku Nkhata Bay, kumene mwera umakuntha mwamphamvu m'miyezi yozizira. Kumbukiraninso kuti mbawa sadula popanda chilolezo cha a zankhalango.

Nkhani yaikulu yagona pa kasemedwe ka pansi. Bwato la pansi pophwatalala limakhazikika bwino pamadzi abata, n'chifukwa chake ongoyamba kumene amalikonda, koma funde likalimenya m'mbali limapendama motsatira fundelo, ndipo likafika polekezera limatembenuka mwadzidzidzi. La pansi pobulungira limagwedezeka munthu akangokwera, moti wosazolowera amachita nalo mantha, komabe funde limadutsa pansi pake osalikankha kwambiri. Ngati mudzapalasa panyanja yaikulu, semani pansi mobulungira pang'ono, kupatula gawo lapakati lomwe liyenera kukhala lotambalala, pakuti ndi pomwe thupi lanu lidzalemere. Musapusitsidwe ndi bwato losagwedezeka padoko. Padoko palibe mwera.

Pogoba m'kati ndi nsompho, siyani pansi pochindikala kuposa m'mbali. Kulemera kukakhala m'munsi, bwato likapendama limabwerera lokha. Mbali ziwirizo zikhale zofanana kuchindikala kwake, apo ayi lidzayenda chopendekera moyo wake wonse. Milomo yopindikira m'kati, monga timaonera pa mabwato a Nyanja ya Malawi, imatchinga madzi a mafunde, ndipo phindu lake si laling'ono, chifukwa madzi olowa m'bwato amathamangira mbali yomwe lapendamira n'kulimalizitsa.

Utali wa mamita 4 mpaka 5 ndi wokwanira munthu mmodzi. Lalitali limayenda mowongoka ndiponso mwaliwiro, pomwe lalifupi limakhota msanga koma limapotoloka nthawi iliyonse mukapalasa. Mutu ndi mchira zitukuke pang'ono kuti zizikwera funde m'malo molibowola.

Mukamaliza, liyeseni pamadzi ofika m'chiuno. Khalani pansi kwambiri, kumbuyo pang'ono kwa pakati, nkhafi ili m'manja, ndipo katundu mumuike kutsogolo kuti mutu usadzuke n'kumakankhidwa ndi mphepo. Lipendamitseni dala uku ndi uku kuti mudziwe pamene limalekezera. Bwato limamira mpaka madzi amene lawakankha alemere mofanana ndi ilo pamodzi ndi zonse zili m'katimo, ndipo lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, choncho poyesapo ikanimo ukonde wonyowa ndi miyala yolemera ngati nsomba za tsiku labwino. Milomo ikayandikira madzi, bwatolo lakuchepelani, ndipo muchepetse katundu kapena mufune mtengo wokulirapo.