Momwe mungalipirire maphunziro oyendetsa ndege osalekera panjira

Achinyamata ambiri ofuna kuyendetsa ndege amalekera panjira chifukwa ndalama zimawathera maphunziro ali mkati. Kwa Mmalawi vutoli limakula poti ambiri amakaphunzira kunja, makamaka ku South Africa, kumene zonse zimalipiridwa m'marandi.

Musanapereke ndalama ku sukulu iliyonse, yambani mwakapimitsa m'thupi kwa dokotala wovomerezeka pa za ndege kuti mupeze chiphaso cha Class 1. Amapima maso, makutu, mtima ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo wopanda chiphasochi sangapatsidwe laisensi yoyendetsera ndege ngati ntchito. Zimamvetsa chisoni banja likagulitsa malo kapena nyumba, kenako n'kumva kuti mwana sasiyanitsa bwino mtundu wofiira ndi wobiriwira, zimene zingamulepheretse kupeza chiphasochi.

Mukatero, dziwani chimene mukulipira, chifukwa ndalama zambiri zimathera pa maola ouluka. Ku South Africa laisensi yoyamba, ya PPL, imafuna maola osachepera 45, koma siyilola munthu kulandira malipiro. Yolembedwera ntchito ndi CPL, imene imafuna maola 200, ndipo makampani amafunanso kuti mukhale mutaphunzira kuuluka modalira zipangizo zokha pamene kunja sikukuoneka, komanso kuyendetsa ndege ya injini ziwiri. Maola 1,500 a laisensi yapamwamba kwambiri, ya ATPL, asakudetseni nkhawa pakali pano, poti amenewo munthu amawapeza ali kale pa ntchito.

Lemberani sukulu zingapo, kaya za ku Lanseria, Wonderboom kapena Port Alfred ku South Africa, ndipo pemphani mtengo wolembedwa. Funsani ngati mtengo wa ola limodzi pa ndege ngati Cessna 172 ukuphatikiza mafuta, mphunzitsi ndi ndalama yoterera pabwalo, kenako muwonjezere mayeso, mabuku, malo ogona, chakudya, viza ndi inshuwalansi ya chipatala. Mitengo imene sukulu zimalengeza imawerengera maola ochepetsetsa, pamene ophunzira ambiri amapitirira, choncho ndi bwino kusungako ndalama yapadera.

Pa kalipiridwe ndi pamene pafunika nzeru. Musalipire maphunziro onse nthawi imodzi, ngakhale atakulonjezani kukuchotserani mtengo, chifukwa sukulu ikatsekedwa ndalama zanu n'zovuta kuzipezanso. Lipirani gawo ndi gawo, ndipo pangano lolembedwa linene momwe adzakubwezereni zotsala mukachoka. Komabe musayambe gawo musanakhale ndi ndalama zolimalizira, pakuti wophunzira akakhala miyezi osauluka dzanja limaiwala, ndipo amabwereza maola amene analipira kale. Kumbukiraninso kuti mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, moti amene ankasunga ndalama za sukulu m'makwacha anadzuka zitaperewera. Yambani msanga kupempha ndalama zakunja ku banki yanu, mutatenga kalata ya sukulu ndi invoisi, popeza kuzipeza kumatenga nthawi.

Nanga ndalamazo zichokere kuti? Ena amalowa usilikali wa m'mlengalenga, kumene boma limaphunzitsa munthu ndipo iye amatumikira zaka zimene agwirizana. Makampani ena a ndege amalipirira achinyamata pa pangano lofanana nalo, koma malo amakhala ochepa, ndipo muwerenge bwino zimene mudzabweze mukachoka nthawi isanakwane. Ngongole ya ku banki imafuna chikole, ndipo isatengedwe mopupuluma, chifukwa malipiro a ntchito yoyamba amakhala ochepa. Ambiri akapeza CPL amawonjezera maphunziro a uphunzitsi wa kuyendetsa ndege kuti aziunjika maola uku akulandira kangachepe.

Musaiwale ndalama za pambuyo pa sukulu. Laisensi yakunja iyenera kuvomerezedwa ndi bungwe loona za ndege kuno kwathu, ndipo ndege zazikulu ngati Boeing 737 ndi Dash 8 Q400, zimene Malawi Airlines imagwiritsa ntchito, zimafuna maphunziro akeake. Funsani kampani isanakulembeni kuti adzalipire maphunziro amenewo ndani.