Mmene ndinathetsera kumwazikana kwa zipolopolo pa mamita 50

Zipolopolo za 9mm zimene ndimadzaza ndekha zinkamwazikana pa chandamale cha pa mamita 50, zina m'mwamba, zina m'munsi. Nditayesa ndi chronograph, chipangizo choyezera liwiro la chipolopolo, ndinapeza kuti liwiro lake linkasiyana kwambiri, chifukwa chipangizo chothirira onga sichinkathira mofanana.

Tsopano ndimayeza onga wa chipolopolo chilichonse pa sikelo, ndimagwiritsa ntchito zikhokho (timachubu tachitsulo tothiramo onga) za kampani imodzi, ndipo ndimaonetsetsa kuti mitu yonse (mbali ya chipolopolo imene imauluka mfuti ikalira) yalowa mofanana m'zikhokho, popeza mutu ukalowa kwambiri mphamvu ya m'kati imakwera moopsa. Ngakhale nditafuna liwiro lotani, sindipyola malire olembedwa m'buku la opanga onga. Kuno ku Harare mu Okutobala kumatentha zedi, choncho zipolopolo ndimazisunga pamthunzi, poti onga ukatenthedwa umayaka mwamphamvu kuposa mmene unayesedwera.