Kakonzedwe ka ulendo wa mishoni wokathandiza sukulu dziko lina

Gulu la kutchalitchi likafuna kupita kukathandiza sukulu dziko lina, liyambire pati? Musanayambe pakhale pasipoti yoti yatsala ndi miyezi 6 kapena kuposa, kalata yokuitanani yochokera ku sukulu kapena mpingo wa komweko, ndi munthu m'modzi wosunga ndalama ndi malisiti.

1. Lankhulani kaye ndi ahedi komanso komiti ya sukuluyo, muwafunse chomwe chikusowa. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, amangonyamula makatoni a mabuku a chilankhulo choti anawo sachimva, osagwirizananso ndi silabasi yawo, pomwe vuto lenileni mwina ndi madesiki kapena zimbudzi za atsikana.
2. Onani kalendala yawo, musakafike nthawi ya mayeso olo holide.
3. Funsani ku embase viza yoyenera, maiko ena salola kugwira ntchito yongodzipereka pa viza ya alendo.
4. Pitani kuchipatala msanga. Ngati dzikolo limafuna katemera wa yellow fever, khadi lake limayamba kugwira ntchito pakatha masiku 10 mutabayitsa.
5. Aliyense atenge police clearance, kalata ya kupolisi yosonyeza kuti alibe mlandu, poti mukagwira ntchito ndi ana. Osakhala wekha ndi mwana, osajambula popanda chilolezo cha makolo.
6. Makope, choko, mapensulo kaguleni komweko, zimachepetsa katundu ndi zamsonkho.
7. M'kalasi eni ake ndi aphunzitsi, inu mukungothandizira. Za mapemphero funsani ahedi kaye, ana ena ndi achipembedzo china.
8. Musanabwerere gwirizanani amene apitilize ntchitoyo, mulembe papepala.