Kanenereredwe ka pogula galimoto musapite nako pokambirana za ntchito

Chaka chino pali chinthu chimodzi chandiwawa ndipo ndachiona mmakalabu angapo a alimi, anthu akutaya ogula zokolola odalirika chifukwa cha pakamwa. Katundu anali wabwinobwino, wouma, wosankhidwa, koma amene munawatuma kukakamba mtengo anapita ndi mtima wokagula galimoto yakale kwa munthu oti sadzamuonanso.

Pogula galimoto kuuma mutu sikolakwika ayi. Wogulitsayo mwakumana naye lero mawa aliyense kwake, ndipo chomwe mukulimbirana ndi chimodzi basi, mtengo, iye akatsitsa ndalamayo yatsala mthumba mwanu. Ndiye mumatenga makaniko, kutsegula boneti, kumvetsera injini, kuona matayala ndi mapepala, vuto lililonse mukulitchula kuti atsitse, akakanika mumatembenuka nkumapita ndipo kawirikawiri amakuitanani musanafike patali. Zimatheka chifukwa magalimoto ogulitsa ngambiri komanso palibe ubale oti uonongeke.

Koma wogula zokolola za kalabu, kapena kampani yomwe imakupatsani mbewu ndi feteleza pangongole, ngakhale bwana yemwe mukukamba naye za malipiro, ameneyo mudzamufunanso chaka chamawa ndi chinacho. Akumbukira zonse zomwe munanena.

Bambo ena a mkomiti ya kalabu ina, mlimi wolimbikira ndithu, anagula pikapu atakolola ndipo anatsitsitsa mtengo pomuuza wogulitsa kuti aona ina yotchipa, lomwe linali bodza koma zinayenda. Tsiku lokumana ndi wogula wawo wa chaka ndi chaka anati anzanga ndisiyireni ine. Ananena kuti pali kampani ina yalonjeza mtengo wokwera, nkudzuka pampando kukaima panja kudikira kuti aitanidwa. Sanaitanidwe. Ogula amadziwana abale, munthu uja anangoimba foni imodzi nkudziwa kuti kulibe kampani yotero, anakweza sikelo yake mgalimoto nkupita kukagula kwina. Katundu anakhala mosungiramo mpaka anankafumbwe kulowa, kulemera kunatsika, mamembala atatopa kudikira anayamba kutenga matumba awo kukagulitsa kwa mavenda mmodzimmodzi. Bambo aja atandipeza anati "koma alangizi, pagalimoto paja bwanji zinatheka?" Ndinawayankha kuti bambo, wagalimoto uja anali ndi chifukwa chanji chofufuzira, inu simudzagulanso kwa iye.

Ndipo tiyerekeze wogula uja akanagonja, mukuganiza kuti akanaluza? Munthu amene mwamufinya pamtengo amabweza kwina. Ayamba kukhwimitsa pa giredi, matumba omwe chaka chatha ankawalandira pano akuti chinyezi chachuluka, thiransipoti akuti muone nokha, ndalama zomwe ankapereka pompopompo pano mukuziyendera kangapo, ndipo chaka choti mvula yavuta katundu sanatuluke bwino sadzakumverani chisoni olo pang'ono. Mukawerengera zonsezo mupeza kuti kandalama komwe anakuwonjezerani kaja kathera momwemo. Choipitsitsa nchoti kalabu imagawanika, mamembala sakhulupiriranso komiti, ndipo kusonkhanitsanso anthu oti anakhumudwa ndi ntchito ya zaka.

Ine chizolowezi choti wodziwa kunenerera ndi amene amakweza mawu, kunyoza mnzake ndi kunama chanditopetsa. Posankha okakamba mtengo mumasankhabe wolongolola kusiya mlembi amene ali ndi mabuku, chonsecho wolongololayo mukamufunsa kuti kilo imodzi yatidyera ndalama zingati kuyambira kulima mpaka kuika mthumba sadziwa. Mukakana mtengo mukukanira pati ngati simudziwa pomwe phindu lanu likuyambira? Timanena izi pamisonkhano iliyonse, mumavomera, nyengo yogulitsa ikafika mwaiwala.

Zochita mukuzidziwa kale, sindibwereza kawerengedwe ka ndalama zomwe kilo imodzi yatidyera. Pitani awiri kapena atatu, mabuku mmanja, mutagwirizana kale mtengo womwe simungatsike kuposa pamenepo. Wogula wina mpezeni weniweni musanapite, mukamutchula akhale alipodi, ngati palibe musatchule. Mtengo ukakanika musathamangire kutuluka, kambani zina, ndalama zibwera tsiku liti, thiransipoti alipira ndani, sikelo ikhala ya ndani, angawonjezere zingati mukampatsa katundu wambiri pakamodzi, nthawi zina zomwe kwa iye nzosavuta kwa inu nzazikulu. Inu apantchito chimodzimodzi, pitani kwa bwana ndi zomwe mwagwira zooneka, osaopseza kuti musiya ntchito pomwe kalata ya kwina mulibe. Zomwe mwagwirizana zilembedwe tsiku lomwelo, mbali zonse zisaine ndipo kope imodzi isungidwe ndi mlembi wa kalabu.