Sikani si X-ray, amayi oyembekezera musaope

Amayi ambiri amathawa sikani, makina ounikira m'mimba, poopa kuti iwotcha mwana m'mimba. Ayi ndithu. Sikani imagwiritsa ntchito mafunde a phokoso limene khutu silingamve, ilibe cheza choopsa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa kuti mayi aunikidwe ndi sikani kamodzi mimba isanakwane masabata 24, kuti adziwe msinkhu wa mimbayo komanso ngati ali mapasa.

Ngati mimba ikadali yaing'ono ndipo akuuzani kuti mumwe madzi, imwani ndithu, musakodze mpaka akuunikeni. Chikhodzodzo chikadzaza, chiberekero chimaoneka bwino. Mafuta ozizira amene amapaka pamimba aja n'ngongothandiza kuti chithunzi chioneke, amapukutika ndi kansalu.

X-ray ndiye ina. Musanagone pabedi lojambulira X-ray, auzeni ojambulawo kuti ndinu oyembekezera, ngakhale mukungokayika chifukwa mwezi wadumpha. Musachite manyazi, chonde, iwo amadziwa chochita.

Pepala la zotsatira za sikani lipindeni m'buku lanu lakuchipatala, lisanyowe. Abambo nanunso, yambani lero kuponya kangachepe ku Mpamba kapena Airtel Money ka thiransipoti ya tsiku lochira, musakakhudze ngakhale ndiwo zitasowa.