Kuyeza madzi a m'dziwe losambira ndi makina otakasa a maginito

Kwa ife amene timasamalira maiwe osambira muno mu Blantyre, kaya ndi pakhomo ku Namiwawa kapena ku Sunnyside, kaya ndi pa malo ogona alendo ku Limbe, nyengo yovuta imayamba mu Okutobala. Dzuwa likaswa mtengo, klorini amatha msanga m'madzi, ndipo mvula yoyamba ya mu Novembala ikagwa n'kukokolera fumbi, masamba ndi matope m'dziwe, madzi amene dzulo anali mbee amadzuka atabiriwira ndi ndere. Zikatere ambiri amathamangira chidebe cha HTH, ufa wa klorini wophera tizilombo m'madzi, n'kuthira mongoyerekeza. Nanenso ndinachita chomwecho kwa nthawi yaitali, ndipo ndinaononga mankhwala ambiri popanda kudziwa chimene madziwo ankasowa. Chimene chinasintha ntchito yanga ndi kuyeza madzi mwa kuwerenga madontho, mothandizidwa ndi kachipangizo kakang'ono kotakasa ndi maginito.

Kachipangizoka ndi kosavuta kukamvetsa. M'kati mwake muli kamota kamene kamazunguza maginito, ndipo m'kabotolo ka madzi oyezedwawo mumaponya kandodo kakang'ono ka maginito kokutidwa ndi pulasitiki yoyera ya Teflon, imene siidyeka ndi mankhwala. Mukaika kabotolo pamwamba pa makinawo n'kuyatsa, kandodo kaja kamazungulira kokha n'kumatakasa madzi mosalekeza. Phindu lake ndi lakuti manja anu onse awiri amatsala pa botolo la madontho, maso anu amakhala pa mtundu wa madzi, ndipo dontho lililonse limasakanikira nthawi yomweyo. Pogula, sankhani makina oyendera mabatire, monga SpeedStir a kampani ya Taylor, chifukwa kuyeza kumachitikira pambali pa dziwe, ndiponso magetsi akazima ntchito isaime.

Komabe makinawo sangakonze madzi otungidwa molakwika, choncho ndiyambe ndi katungidwe. Onetsetsani kuti pampu yakhala ikuyenda kwa kanthawi ndithu kuti madzi a m'dziwe lonse asakanikirane. Ngati magetsi anazima usiku wonse, dikirani kuti abwere ndi kuti pampu iyende kaye, apo ayi muyeza madzi a pangodya imodzi yokha. Tengani botolo loyera la pulasitiki limene simuikamo china chilichonse, litsukuluzeni katatu ndi madzi a m'dziwe momwemo, kenaka lilowetseni chozondoka mpaka madzi afike pa chigongono panu, ndipo mulitembenuzire pansi pomwepo kuti lidzaze. Madzi a pamwamba penipeni sayenera kutengedwa, popeza ndi amene dzuwa lawawomba kwambiri ndipo pamayandama mafuta odzola a anthu osambira. Pewaninso kutunga pafupi ndi pamene madzi ochokera ku sefa amatulukira.

Tsopano kuyeza kuchuluka kwa madzi a m'kabotolo, kumene ndi pamene anthu ambiri amalakwira osazindikira. Kabotolo koyezera kamakhala ndi mizere ya mamililita 10 ndi mamililita 25. Madzi akakhala m'kabotolo kopapatiza, pamwamba pake sipakhala pathyathyathya, koma m'mbali amakwera pang'ono ndipo pakati pamalowa pansi ngati kambale. Pansi pa kambaleko ndi pamene payenera kukhudza mzere, ndipo muziona kabotolo kali pa malo osapendekeka, diso lanu lili pa msinkhu umodzi ndi mzerewo. Mukapitirira ndi mililita imodzi yokha pa mamililita 10, zotsatira zanu zalakwika kale ndi gawo limodzi mwa magawo khumi. Pa chifukwa chimenechi ine ndimagwiritsa ntchito sirinji ya mamililita 10 yopanda singano, imene imapezeka m'mafamase: mumakoka madzi, mumatulutsa mpweya wonse, n'kuwathira m'kabotolo. Sirinjiyo ikhale ya madzi a m'dziwe okha, isakhudze mankhwala. Chinthu chinanso chofunika kukumbukira ndi chakuti kandodo ka maginito kamaponyedwa mutamaliza kuyeza madzi, chifukwa mukakaponya poyamba kamakweza madziwo ndipo mudzathira ochepa.

Yambani ndi klorini, popeza ndi amene amasintha msanga madzi akangotuluka m'dziwe. Ndifotokoza motsatira bokosi la mankhwala oyezera madzi la Taylor K-2006, koma ngati lanu ndi la mtundu wina, tsatirani manambala olembedwa pa chivindikiro chake. Yatsani makina kuti kandodo kazizungulira modekha, thirani timasupuni tiwiri ta ufa wa m'bokosimo wotchedwa DPD, ndipo ngati muli klorini madzi asanduka apinki. Kenaka tengani botolo la madontho a m'bokosimo otchedwa FAS, muligwire chozondoka molunjika bwinobwino, osati chopendekera, chifukwa botolo lopendekeka limatulutsa madontho osafanana kukula. Donthezani limodzilimodzi mukuwerenga mokweza mawu, mpaka upinki wonse utatha ndipo madzi ayera. Ngati munayeza mamililita 10, dontho lililonse ndi 0.5 ppm (1 ppm ndi galamu imodzi m'malita 1,000 a madzi), ngati munayeza mamililita 25, dontho lililonse ndi 0.2 ppm. Motero madontho 4 pa mamililita 10 akutanthauza 2 ppm, imene ili bwino, popeza dziwe losambira limafuna klorini wogwira ntchito wa pakati pa 1 ndi 3 ppm. Musazengereze pakati pa madontho, ndipo upinki ukabwereranso patapita mphindi, musauwerengere.

Musataye madziwo msanga. Thiranimo madontho 5 a mankhwala a R-0003, ndipo ngati upinki wabwerera, donthezaninso FAS mpaka uthe. Chiwerengero chachiwirichi ndi cha klorini amene wagwirana kale ndi thukuta, mkodzo ndi zonyansa zina, ndipo ndi iyeyu amene amabweretsa fungo lamphamvu ndi kuyabwa kwa maso. Anthu akamva fungolo amaganiza kuti klorini wachuluka, pamene kawirikawiri vuto limakhala lakuti klorini wogwira ntchito wachepa. Chiwerengerochi chikapitirira 0.5 ppm, dziwe likufunika kuthiridwa klorini wambiri nthawi imodzi, makamaka madzulo dzuwa litalowa.

Poyeza pH, umene ndi muyeso wa asidi m'madzi (asidi akachuluka pH imatsika), makina otakasa aikeni pambali. Kuyeza kumeneku ndi koyerekeza mitundu: mumadzaza madzi mpaka pa mzere, mumathira madontho a mankhwala osintha mtundu otchedwa phenol red, mumatseka ndi chivindikiro n'kutembenuza kangapo, kenaka mumayerekeza mtundu wake ndi mitundu ya pambali mutayang'anitsa pa chinthu choyera, muli pamthunzi. Musatseke ndi chala, chifukwa khungu limasintha zotsatira. Mtundu wopita ku chikasu ukusonyeza kuti pH yatsika, wopita ku kufiira ukusonyeza kuti yakwera, ndipo chofunika ndi pakati pa 7.2 ndi 7.8. Ngati klorini wapitirira 10 ppm, musakhulupirire zotsatira za pH mpaka atatsika.

Makina a maginito amaonetsa ubwino wake weniweni pa miyeso iwiri yotsalayi, imene imafuna madontho ambiri. Woyamba ndi wa alkalinity, ndiko kuti mphamvu imene madzi ali nayo yoletsa pH kudumphadumpha. Mu mamililita 25 thirani madontho 2 a R-0007 ochotsa klorini, kenaka madontho 5 a R-0008, ndipo madzi abiriwira. Donthezani R-0009 mukuwerenga mpaka asanduke ofiira. Apa pamafunika kudekha, chifukwa mtundu susintha kamodzin'kamodzi: umayamba wathimbirira, kenaka n'kufiira pang'onopang'ono. Pitirizani kudontheza mpaka dontho lina lisasinthenso kanthu, ndipo dontho lomaliza losasintha kanthulo musaliwerengere. Chulukitsani madonthowo ndi 10. Chimene mukufuna ndi pakati pa 80 ndi 120 ppm. Mukaona kuti madontho akutuluka ang'onoang'ono kapena akuthamanga, pukutani kukamwa kwa botolo ndi kansalu konyowa.

Wachiwiri ndi wa kashiamu, ndipo umenewu ndi umene umatopetsa dzanja kwambiri ngati mukutakasa nokha. Mu mamililita 25 mumathira madontho 20 a R-0010 ndi madontho 5 a R-0011L, madzi n'kufiira, kenaka mumadontheza R-0012 mpaka asanduke abuluu, dontho lililonse likuimira 10 ppm. Dziwe la simenti kapena la matailosi limafuna pakati pa 200 ndi 400 ppm, kutanthauza kuti mutha kuwerenga madontho 30 kapena kuposerapo, ndipo munthu wotakasa ndi dzanja amatopa n'kuyamba kuthamangitsa, mapeto ake amapeza chiwerengero chokwera kuposa chenicheni. Muyeso umenewu usanyozedwe kuno kwathu, chifukwa HTH ndi klorini wokhala ndi kashiamu, ndipo nthawi iliyonse imene mwathira mumaonjezera kashiamu amene sauluka ndi dzuwa. Ndi bwinonso kuyeza madzi amene mumadzazira dziwe, popeza madzi a pampopi a Blantyre Water Board, amene ambiri amachokera mu mtsinje wa Shire ku Walker's Ferry, sangafanane ndi madzi a pa mjigo wa pakhomo panu. Madzi a pa mjigo nthawi zina amakhala ndi chitsulo, chimene chimachititsa kuti mtundu uime pa pepo osafika pa buluu; zikatere yambaninso, koma muthire kaye madontho asanu a R-0012 musanathire china chilichonse, ndipo muwaphatikize pa chiwerengero chomaliza.

Liwiro la makina lisakhale lalikulu mpaka madzi kukumba dzenje lofika pa kandodo kapena kuthovokera kunja. Mukamaliza muyeso uliwonse, tayani madziwo kutali ndi dziwe, mutagwira kandodo kaja ndi maginito ena kunja kwa kabotolo kuti kasapite nawo mu ngalande, ndipo mutsukuluze kandodo ndi kabotolo musanayambe muyeso wina. Kadontho kamodzi ka R-0009, amene ndi asidi, kotsalira pa kandodo ndi kokwanira kusokoneza muyeso wotsatira.

Manambala mukawapeza, chida chotsatira ndi sikelo ya digito, yonga ya kukhitchini, koma yosungidwira ntchito imeneyi yokha. Dziwani kaye kukula kwa dziwe lanu: la mamita 8 m'litali, 4 m'lifupi ndi 1.5 kuya kwake limasunga malita 48,000. Popeza 1 ppm ndi galamu imodzi pa malita 1,000 alionse, ndipo ufa wa HTH uli ndi klorini pafupifupi magawo awiri mwa atatu, kukweza klorini ndi 1 ppm m'dziwe lotere kumafuna magalamu pafupifupi 75. Kukweza alkalinity ndi 10 ppm kumafuna soda wophikira wokwana pafupifupi magalamu 170 pa malita 10,000 alionse. Thirani mankhwala m'chidebe cha madzi, osati madzi pa mankhwala, ndipo musasakanize asidi wotsitsira pH ndi klorini, chifukwa pamatuluka mpweya wakupha. Musasakanizenso ufa wa HTH ndi mapilitsi a klorini oyandamitsa aja, popeza zimatha kuyaka moto. Jagi yoyezera asidi ikhale yakeyake, yolembedwa dzina.

Bokosi la mankhwala oyezera musalisunge m'kanyumba ka pampu, kumene kumatentha ndiponso kumadzaza nthunzi ya asidi ndi klorini. Lisungeni m'nyumba pa malo ozizira ndi a mdima, lembani tsiku limene mwatsegula botolo lililonse, ndipo muwasinthe pakatha chaka. Madontho a FAS akayamba kuoneka achikasu kwambiri, kapena ufa wa DPD ukada n'kuumbika, ndiye kuti zatha mphamvu. Klorini ndi pH muziyeza tsiku lililonse m'nyengo yotentha ndiponso mvula yamphamvu ikagwa, alkalinity kamodzi pa sabata, kashiamu kamodzi pa mwezi, ndipo zonsezi muzilemba m'kope limodzi pamodzi ndi tsiku, nthawi ndi kuchuluka kwa mankhwala amene mwathira.